Nyumba ya Dothi ya ku Mandala

Nkhani yathu ya lero yachokera m'kalata imene ana a Giredi 6 a pa sukulu ina ya ku Lilanda, muno mu Lusaka, anatilembera mvula itangoyamba kugwa. Iwo akuti tsiku lina m'mawa, podutsa m'mbali mwa George popita ku sukulu, anapeza khoma la nyumba ina ya njerwa zosawotcha litagwa, mipando ndi mphasa zili poyera, eni nyumba akutola ziwiya m'matope. Atafika m'kalasi munabuka mkangano. Ena anati nyumba ya dothi ndi nyumba yongoyembekezera, yoti munthu akangopeza ndalama za mabuloko aigwetse. Ena anakana, nati kumudzi kwawo ku Katete ndi ku Petauke agogo awo akugonabe m'nyumba zimene anamanga kalekale. Pomalizira pa kalatayo analemba funso ili: kodi nyumba ya dothi ingathe kukhala zaka zingati?

Funso limeneli tiliyankha ndi nyumba yeniyeni, imene munthu angathe kupita kukaiona ndi kuikhudza ndi manja.

Muno mu Lusaka nyumba yotero sitingaipeze, pakuti mzinda wathu ndi mwana pa zaka. Njanji inafika kuno mu 1905, pamene malo ano anali kudziwika ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935. Matero anamangidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo Lilanda ndi wa pambuyo pa ufulu wa 1964. Nyumba zotetezedwa ndi boma tili nazo ndithu. Ku Chilenje kuli nyumba nambala 394, m'mene Dr Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 kufikira 1962, ndipo pafupi ndi inu a ku Lilanda, ku Matero, kuli nyumba nambala 3144, imene inali likulu la chipani cha UNIP ufulu usanabwere. Koma nyumba zimenezi zimasungidwa chifukwa cha anthu amene anakhalamo ndi ntchito imene inachitikiramo. Kuti tipeze nyumba ya zaka za m'ma 1800 tiyenera kunyamuka ulendo.

Tikwere basi ya kum'mawa. Tidutse Chongwe, tiwoloke mlatho wa Luangwa, tipyole Nyimba, Petauke ndi Katete mpaka ku Chipata. Tilowe m'Malawi pa chipata cha Mwami, ndipo kuchokera ku Lilongwe tilunjike kumwera, kudzera ku Dedza ndi ku Ntcheu, tiwoloke mtsinje wa Shire, tifike ku Blantyre, mzinda wokhala pakati pa mapiri a Michiru, Ndirande ndi Soche. Kumeneko, pa kamtunda kena kufupi ndi mtsinje wa Mudi, pali nyumba yosanja yotchedwa Mandala. Inamangidwa mu 1882, ndipo imadziwika kuti ndiyo nyumba yakale koposa zonse zimene zikali chiimire m'dziko la Malawi. Werengani nokha pa bolodi zaka zimene zapita kuchokera mu 1882. Mupeza kuti zapitirira 140. Makoma ake ndi a njerwa zouma ndi dzuwa, zomangidwa ndi matope.

Anaimanga ndani? David Livingstone anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, muno m'Zambia. Patapita zaka zitatu, mu 1876, amishoni a ku Scotland anakhazikitsa mishoni m'dziko la mfumu Kapeni, naitcha Blantyre, dzina la mudzi umene Livingstone anabadwira. Amishoniwo anali kusowa wowabweretsera nsalu, mankhwala, zitsulo ndi makalata. Motero mu 1878 anthu ena achuma a ku Glasgow anayambitsa kampani ya malonda ndi yonyamula katundu, imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina lakuti African Lakes, natumiza abale awiri a mimba imodzi, John Moir ndi Frederick Moir, kuti adzaiyang'anire. John anali kuvala magalasi a maso. Anthu poona kunyezimira kwa magalasiwo anam'patsa dzina lakuti Mandala. Dzinalo linachoka pa munthu n'kupita pa nyumba, linachoka pa nyumba n'kupita pa kampani yonse ndi masitolo ake, amene anafika mpaka kuno kwathu. Funsani agogo anu a ku Chipata kapena a ku Mbala. Ambiri akumbukira sitolo ya Mandala kumene ankagula nsalu ndi makasu. Dera la mzinda wa Blantyre lozungulira nyumbayo likutchedwa Mandala mpaka lero.

Tsono taganizani vuto limene omanga anakumana nalo. Panalibe njanji, panalibe msewu wa galimoto. Katundu wochokera ku Ulaya ankatsitsidwa ku Quelimane, m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Mozambique, n'kupakiridwa m'mabwato ndi m'sitima yaing'ono ya nthunzi, imene inkakwera mu Zambezi ndi mu Shire kufikira kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Kumtunda kwa pamenepo Shire ali ndi mathithi, ndipo sitima singapitirire. Kuchokera kwa Katunga katundu yense ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga, ulendo wa makilomita oposa 40, wokwera chitunda kuchokera m'chigwa chotentha kufika pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja. Mtolo wa munthu mmodzi unkalemera makilogalamu ngati 25. Thumba limodzi la simenti, limene mumaliona likukankhidwa pa wilibala m'misewu ya ku Lilanda, ndi la makilogalamu 50, ndiye kuti katundu wa anthu awiri. Nanga simenti ndi zitsulo za nyumba yosanja yathunthu zikadafuna makosi a anthu angati?

Chifukwa chake omanga anayang'ana pansi pamene anaponda. Dothi linalipo, udzu unalipo, madzi anali mu Mudi, mitengo inali m'mapiri. Zoyenera kuchokera kutali zinali zing'onozing'ono zokha zimene nthaka singapereke, monga misomali, maloko ndi magalasi a m'mazenera.

Tiyambe ndi njerwa. Njerwa zosawotcha, zimene anzathu a ku Malawi amazitcha zidina, zimaoneka ngati ntchito yapafupi, koma zili ndi nzeru zake. Mmisiri amayamba ndi kusankha dothi. La mchenga wambiri limangofumbutuka likauma. La dongo lokhalokha limang'aluka, chifukwa dongo limafufuma likanyowa ndipo limanyala likauma. Dothi labwino ndi limene dongo ndi mchenga zakumana pa muyeso wake. Ndicho chifukwa chake ambiri amakonda dothi la pa chulu, nalisakaniza ndi lina lopepukirapo. Akathira madzi amaponda matopewo ndi mapazi kufikira atafanana ponseponse, ndipo amathiramo udzu wouma wodulidwadulidwa. Udzuwo ndi wofunika ndithu. Mng'alu ukayamba m'njerwa, umakumana ndi kaudzu kopingasa n'kuima pomwepo, osapitirira kukagawa njerwa yonse pakati. Matope amalowa m'chikombole choviikidwa m'madzi, natsinikizidwa m'ngodya zonse, ndipo njerwa imakhuthulidwa pa bwalo losesedwa bwino. Masiku oyamba amaifunda ndi udzu, pakuti dzuwa likaumitsa kunja msanga mkati mukali mwauwisi, njerwa imasweka. Pambuyo pake amaiimika cham'mbali kuti mphepo iipite mbali zonse. Ntchito imeneyi ndi ya chilimwe, ndipo imafuna masabata angapo. Woumba njerwa mu November akupereka thukuta lake kwa mvula.

Kusiyana kwa njerwa yotere ndi yowotcha mumakudziwa kale, ngati munaonapo amayi akuumba mbiya. Mbiya yosawotcha ikaviikidwa m'madzi imabwerera ku matope kumene inachokera, koma yowotcha imasunga madzi zaka ndi zaka, chifukwa moto umasintha dongo kotheratu. Anthu a ku Blantyre njerwa zowotcha anazidziwa ndithu. Zaka zisanu ndi chimodzi nyumba ya Mandala itamangidwa, mbusa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo ntchito yojambula nyumba, anayamba kumanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pamodzi ndi amisiri a m'midzi yozungulira. Ntchitoyo inachitika kuyambira 1888 kufikira 1891, ndi njerwa za maonekedwe osiyanasiyana zoumbidwa ndi kuwotchedwa pa mishoni pomwepo. Alendo ambiri amathamangira kukaona tchalitchicho, ndipo ndi chokongola zedi. Koma kwa ife amene tikufunsa za dothi, nyumba ya Mandala ndiyo yodabwitsa koposa, popeza njerwa zake sizinalawe moto.

Nanga khoma la dothi lingasenze bwanji chipinda china pamwamba pake? Apa mvetsetsani. Dothi louma limapirira kupsinjidwa, koma silipirira kukokedwa kapena kupindidwa. Mukaimirira pa njerwa yogona bwino pansi, siisweka. Mukaiika pa miyala iwiri, pakati pali mpata, n'kuipondapo, imathyoka nthawi yomweyo. Motero aliyense womanga nyumba yosanja ya dothi ayenera kuona kuti kulemera konse kukutsikira pansi molunjika. Khoma likhale lochindikala, makamaka la pansi limene lasenza zonse. Likhale loongoka, loyesedwa ndi chingwe cholendewera chokhala ndi cholemera kunsonga, pakuti khoma lopendekeka limadzigwetsa lokha. Njerwa za mzere wapamwamba zikhale pa mipata ya mzere wapansi, kuti mng'alu usapeze njira yotsikira, ndipo pa ngodya makoma awiri alowane ngati zala za manja opindana. Makomo ndi mazenera asachuluke, asakulenso kwambiri, ndipo pamwamba pa lililonse pagone mtanda wa mtengo wolimba, wolowa ndithu m'khoma mbali zonse ziwiri. Pofika pa chipinda chapamwamba amagoneka mitanda ikuluikulu kuchokera khoma lina kufika khoma linzake, n'kukhomerapo matabwa. Matabwa amenewo kwa wokhala pansi ndi denga, kwa wokhala pamwamba ndi poponda.

Khoma lochindikala lili ndi phindu linanso. Kutentha kwa dzuwa kumayenda pang'onopang'ono m'dothi. Masana a mu October, pamene kunja kukuwotcha, m'kati mwa nyumba yotere mumakhala mozizira, chifukwa kutenthako kukali pa ulendo m'khomamo; pofika usiku, kunja kutazizira, khoma limayamba kutulutsa kutentha kumene linasunga. Inu amene mumagona m'nyumba ya mabuloko opyapyala ndi malata otsika mukudziwa kuti kumeneko zinthu zimayenda mwina: masana ndi ng'anjo, ndipo m'mawa wa mu June mano amagwedezeka.

Zimasimbidwa kuti nyumbayi itatha, anthu ankachokera kutali kudzaona nyumba yokhala pamwamba pa nyumba inzake, ndi kudzayesa kukwera makwerero ake. Ana inu musawaseke anthu amenewo. Kumbukirani mmene munagwirira chovala cha amayi anu tsiku loyamba limene munalowa m'chikepe cha nyumba zazitali za mu Cairo Road. Azungu nawonso anali ndi umbuli wawo. Ankakonda kumanga pa zitunda ndi kugona pamwamba chifukwa ankakhulupirira kuti malungo amabwera ndi mpweya woipa wa m'madambo. Zoti udzudzu ndiwo umafalitsa malungo zinatsimikizidwa ndi Ronald Ross mu 1897, nyumba ya Mandala ili kale ndi zaka 15. Maganizo awo anali olakwika, ngakhale kuti kukhala kutali ndi madambo kunawathandiza ndithu.

Tsopano tafika pa chinthu chimene ine ndikuti ndicho chasunga nyumbayi koposa zonse. Ndi khonde. Nyumba ya Mandala yazunguliridwa ndi khonde lalikulu, lokhala ndi denga lake lokhazikika pa nsanamira. Ambiri akaona khonde amaganiza za mpando, tiyi ndi kupunga mphepo madzulo. Zimenezo n'zoona, koma ntchito yaikulu ya khonde ndiyo kuteteza khoma.

Taonani mmene mvula imagwetsera nyumba ya dothi. Siiyamba pamwamba ayi, imayamba m'munsi. Madzi otsika pa denga lalifupi amagwera pafupi ndi khoma, n'kuthovukira pa mizere iwiri kapena itatu ya njerwa za pansi. Madzi ena amadikha m'mphepete mwa nyumba, ndipo dothi la khoma limawayamwa monga chingwe cha nyali chimayamwira parafini. Chaka choyamba pulasitala amasupuka. Chaka chachiwiri pamaoneka kamphako kotsata m'munsi mwa khoma. Njerwa za pansi, zimene zasenza nyumba yonse, zimafewa ndi kuchepa, kufikira usiku wina mvula ya mphepo ikankha khoma limene lilibenso poima. Ndikhulupirira kuti mukadayang'anitsitsa khoma lija munaliona ku George, mukadapeza kuti linayamba kudyeka m'munsi zaka zingapo lisanagwe.

Khonde limathetsa zonsezi nthawi imodzi. Madzi a pa denga amagwera kutali ndi khoma. Mvula yobwera chopendekeka ndi mphepo imathera pa khonde, osafika pa njerwa. Pansi pa khonde, pokhala pokwererapo kuposa bwalo, pamaletsa madzi oyenda kuti asafike pa maziko. Ku Blantyre zimenezi n'zofunika koposa, chifukwa kuwonjezera pa mvula ya dzinja kumagwanso mvula yowaza ya chiperoni m'miyezi yozizira, imene imanyowetsa zinthu masiku angapo osaleka. Ndiponso khonde limaphimba khoma ndi mthunzi masana, kotero kuti njerwa sizitenthedwa ndi kuzizidwa mosinthasintha, ndipo mazenera angathe kukhala otsegula ngakhale mvula ikugwa.

Mabuku ena amanena kuti Azungu anaphunzira khonde lalikulu ku India, kumene anakhala zaka zambiri m'dziko lotentha ndi la mvula yamphamvu, ndipo zimenezo zili ndi choona chake. Koma musaganize kuti makolo athu anadikira sitima ya ku Quelimane kuti adziwe khonde. Nyumba yozungulira ya kumudzi, yomangidwa ndi nsichi ndi kumatidwa ndi dothi, inali ndi denga lotulukira kunja, lochirikizidwa ndi mizati, ndipo m'munsi mwake munali guwa lozira bwino lozungulira nyumba yonse. Onaninso nkhokwe. Yaikidwa pamwamba kuti isakhudze nthaka yonyowa, ndipo yavekedwa denga lotambalala kuti mvula isafike pa chimanga. Amisiri amene anaumba njerwa za ku Mandala, nacheka matabwa ake ndi kukweza mitanda yake, anali anthu a m'midzi yotero. Mbiri imatchula a Moir, koma manja amene anaponda matopewo anali a anthu akuda.

Za denga tinene mwachidule. Nyumba za ku Blantyre za masiku amenewo zinkafoleredwa ndi udzu, popeza malata anali katundu wa pamutu wochokera kutsidya kwa nyanja. Lero nyumba ya Mandala ili ndi denga la malata. Udzu ndi wozizira bwino, koma umaopa moto ndipo umafuna kufoleredwanso kawirikawiri; malata amakhalitsa, koma akachita dzimbiri amadontha mobisika. Kwa khoma la dothi chofunika n'chimodzi, chakuti pamwamba pake pasafike dontho. Ku Mpulungu, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, kuli tchalitchi cha Niamkolo, chimene amishoni a London Missionary Society anamanga ndi miyala mu 1895 ndi 1896. Denga lake linatha kalekale, koma makoma ndi nsanja yake zikali chiimire, chifukwa ndi miyala. Nyumba ya Mandala ikadakhala yopanda denga motero, bwenzi lero pali chulu chomera udzu.

Mdani wina ndi chiswe, chimene chimakwera m'kati mwa khoma mwakachetechete kukadya mitanda ndi mafelemu. Chiswe chimakonda malo achinyontho ndi amdima, motero khoma louma ndi maso a munthu wosesa tsiku ndi tsiku ndizo zimachiletsa.

Nyumbayi siinali yogonamo chabe. Pambali pake panali bwalo lotchingidwa, losungiramo katundu wa kampani, limene pa nthawi ya nkhondo linkasanduka linga. Mu 1884, pamene Angoni a Chikuse anawoloka Shire nathira nkhondo midzi ya kumapiri kumeneko, anthu ena anathawira m'mapiri, ena ku mishoni ndi ku Mandala. Patapita zaka 31, usiku wa pa 23 kuchera pa 24 January 1915, anthu a mbusa John Chilembwe, amene anaukira ulamuliro wa atsamunda, anathyola nyumba yosungiramo mfuti ya kampaniyo ku Mandala, koma anangotengamo mfuti zochepa asanabalalitsidwe.

Pamenepa mwana wochenjera angafunse kuti: nanga dziko la ufulu likusungiranji nyumba ya wamalonda wachitsamunda? Funso limenelo ndi labwino, ndipo aphunzitsi musalithawe. Kampani ya Mandala inagula minyanga ya njovu, inatenga malo aakulu, ndipo phindu lake linachokera pa mitu ya amtengatenga. Inamenyananso ndi Mlozi, wogulitsa akapolo wa ku Karonga, kuyambira mu 1887. Zabwino ndi zoipa zili m'mbiri yake. Koma kusunga nyumba sikutanthauza kuyamika mwini wake. Nyumba ndi mboni. Mwana amene wawerenga za amtengatenga ndi za Chilembwe m'buku, akaima pa khonde limenelo nayang'ana njira yochokera ku Shire, amamvetsa zimene buku silikanatha kum'patsa. Ikagwetsedwa kuti pamangidwe sitolo yatsopano, mboniyo yatha, ndipo palibe ndalama zimene zingaibwezere. Ndicho chifukwa chake boma la Malawi linaiika m'gulu la zipilala za dziko, zimene munthu saloledwa kugwetsa kapena kusintha popanda chilolezo. Kuno kwathu ntchito yotere ili m'manja mwa bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo lamulo la 1989 limene linakhazikitsa bungweli linaika chitetezo pa zomangidwa zakale za chaka cha 1924 chisanafike.

Lamulo lokha silitseka denga lodontha. Chimene chimasunga nyumba ndi anthu okhalamo. Nyumba yotsekedwa imafa msanga, chifukwa palibe woona dontho loyamba kapena kanjira koyamba ka chiswe. Ya Mandala ili ndi mwayi pa chimenechi. M'zipinda zake zapamwamba muli laibulale ya bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946, m'mene mumasungidwa mabuku, mamapu ndi zithunzi zakale, ndipo pansi pali malo oonetsera zojambula ndi zosema. Taganizani, mapepala amene amaopa chinyontho koposa zinthu zonse asungidwa m'nyumba ya dothi!

Kukonza nyumba yotere kuli ndi lamulo lake, limene ambiri amalilakwira pofuna kuchita bwino. Munthu akaona khoma la dothi likusupuka amathamangira simenti, poganiza kuti cholimba ndicho chabwino. Koma pulasitala wa simenti ndi wouma gwa, pamene dothi limafufuma ndi kunyala pang'ono nyengo ikamasintha. Posakhalitsa pulasitalayo amang'aluka, madzi amalowa pa mng'alu, ndipo atalowa sapeza potulukira. Kunja khoma limaoneka losalala, mkati likusanduka phala. Akatswiri osunga nyumba zakale amamata dothi ndi dothi linzake, kapena ndi njereza, imene ena amaitcha laimu, chifukwa zimenezi zimalola chinyontho kutuluka. Ku Djenné, m'dziko la Mali, kuli mzikiti waukulu wa dothi umene unamangidwanso mu 1907. Chaka ndi chaka anthu a mzinda wonse amasonkhana tsiku limodzi kuumata ndi matope atsopano. Ku Shibam, m'dziko la Yemen, anthu amakhala m'nyumba za njerwa zosawotcha zosanjikiza kasanu ngakhale kupitirira apo, koma kumeneko mvula ndi yochepa, ndipo ikagwa yachigumula nawonso amalira.

Tibwerere ku Lilanda. Sindikukuuzani kuti makolo anu analakwa pomanga ndi mabuloko. M'makomboni athu mapuloti ndi aang'ono, nyumba zayandikana, ndipo khonde lozungulira nyumba yonse lilibe poima. Ndiponso nyumba ya Mandala ili pa mtunda, pamene mbali zina za Lusaka ndi zathyathyathya, pansi pake pali mwala, kotero kuti madzi a mvula amadikha masiku ambiri. Akuluakulu a ku Kanyama akumbukira chigumula cha 1978, pamene nyumba zambiri za dothi zinagwa ndipo mabanja anasowa pogona. Pa malo odikha madzi, njerwa yosawotcha singapirire, ngakhale itaumbidwa ndi mmisiri wotani. Koma pa malo ouma, nyumba yokhala ndi maziko a miyala okwera pamwamba pa nthaka, denga lotulukira kunja ndithu, ndi ngalande yopatutsa madzi, ingathe kuona zidzukulu za amene anaimanga. Ndipo mwana amene amachita manyazi kuitanira anzake kwawo chifukwa nyumba yawo ndi ya dothi adziwe kuti alendo amachokera kutsidya kwa nyanja kudzajambula nyumba ya dothi lomwelo.

Kwa aphunzitsi: phunziroli likhazikika bwino ana akaligwira ndi manja. Gawani kalasi m'magulu. Gulu lililonse liumbe tinjerwa khumi ndi tiwiri pogwiritsa ntchito kabokosi ka machesi ngati chikombole, theka la tinjerwato tothira udzu wodulidwa, theka lina topanda udzu, ndipo tiume pa mthunzi sabata imodzi. Ana ayambe kuyerekeza ming'alu ya mitundu iwiriyo. Kenaka amange timakoma tiwiri tofanana. Koyamba akaike pa dothi, n'kukaphimba ndi kachidutswa ka lata kofanana ndi khomalo m'lifupi. Kachiwiri akaike pa miyala yaphanthiphanthi, n'kukaphimba ndi lata lotulukira kunja zala zinayi mbali zonse. Boolani timabowo pansi pa chitini, muthiremo madzi, ndipo mwana mmodzi agwetse mvula pa timakoma tonse tiwiri mofanana, wina akuwerenga zitini zimene zathiridwa kufikira khoma loyamba litagwa. Samalani m'mphepete mwa lata, pakuti mumacheka zala.

Pobwerera kunyumba mwana aliyense ayese ndi mapazi ake mtunda wochokera pa khoma la nyumba yawo kufika pamene madzi a pa denga amagwera, ayang'anenso ngati m'munsi mwa khomalo mwayamba kudyeka, ndipo mawa abwere ndi yankho lake m'kalasi. A Giredi 6 a ku Lilanda, mutilembere zimene mupeze.